Kodi phungu timamulemba ntchito yanji?

Kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe anthu amadya za m'nthaka. Wina ali ndi chigafa cha fodya kwa Kabudula, wina amapikula soya ndi mtedza pa Nsaru, wina amapalasa kabaza pa Namitete, wina amaotcha njerwa kapena kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji pa Mpingu. Pakati pa onsewa pali kagulu kochepa ka anthu ogwira ntchito yosiyana ndi zinzake. Ntchitoyi ilibe sukulu yake, imatha pakapita zaka zisanu, ndipo mabwana ake ndi anthu masauzande amene sagwirizana pa chimene akufuna. Ndi ntchito ya uphungu wa Nyumba ya Malamulo.

Khomo lolowera limaoneka lotakasuka. Malamulo aakulu a dziko amati munthu akhale Mmalawi wa zaka zosachepera 21, wolembetsa m'kaundula wa zisankho, komanso wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atengepo mbali pa zokambirana. Pamapepala zathera pomwepo. Koma amene anayesapo amadziwa kuti dera lino ndi kuchipinda kwa chipani cha Malawi Congress, choncho nkhondo yeniyeni imamenyedwa pa mapulaimale osati pa tsiku la chisankho. Wofuna uphungu, amene timamutcha shado, amayamba kuoneka pamaliro zaka ziwiri chisankho chisanafike, amakhazikitsa chikho cha mpira wamiyendo ndi wamanja, amagula malata a tchalitchi, amagawa nsalu. Akagonja pa mapulaimale, kawirikawiri amati amubera, n'kuima payekha, ndipo akapambana amabwerera kuchipani komwe anachoka. Lamulo la zipani za ndale la mu 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, koma aliyense wopita kumisonkhano ya kampeni angachitire umboni ngati lamulolo linafika kumudzi.

Akangolumbira, Olemekezeka amapeza kuti alembedwa ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya pakhonde. Foni imayamba kulira tambala asanatsike: kwagwa zovuta, tikufuna bokosi ndi galimoto yokatenga thupi ku Kamuzu Central, mayi wadwala usiku, athandizidwe kupita ku St Gabriel's, mwana wasankhidwa kupita ku sekondale koma fizi palibe, mjigo wafa, mlatho wapita ndi madzi, dzina langa silinatuluke pa feteleza wotsika mtengo. Zonsezi ndi zenizeni, ndipo wopemphayo sitingamunene. Munthu amene mwana wake wagona m'nyumba yachisoni sangayambe kufufuza kuti ndi ofesi iti imene ili ndi udindo. Amathamangira amene ali ndi galimoto ndipo anabwerapo kudzapempha voti. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Komabe tinene poyera kuti mwa zonsezi palibe n'chimodzi chomwe chimene chinalembedwa pa ntchito za phungu, ndipo malipiro ake ngakhale atachuluka bwanji sangakwanire maliro a dera lonse. Ndiye chifukwa chake ena amasamukira ku Area 47 n'kusintha nambala, anthu n'kumati anatithawa.

Ntchito yachiwiri imagwiridwa m'nyumba ija ili pafupi ndi Capital Hill, imene anamanga ndi thandizo la dziko la China n'kuitsegula mu 2010. Kumeneko phungu amapanga ndi kusintha malamulo, amavomereza bajeti ya dziko imene tsopano imayamba pa 1 April, ndipo amalondola m'mene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Bilu imawerengedwa koyamba, imakambidwa pa kuwerenga kwachiwiri, kenaka aphungu amaidutsa ndime ndi ndime, asanaivomereze n'kuitumiza kwa mtsogoleri wa dziko, amene ali ndi masiku 21 oti asayine kapena aibweze. Mabilu ambiri amabwera ndi nduna. Phungu wamba ali ndi Lachinayi lobweretsera zake. Zimene timamva pa wailesi, zokuwizana ndi zogogoda matebulo, ndi kachigawo kochepa chabe. Thukuta lenileni lili m'makomiti, kumene munthu amakhala ndi lipoti la mkulu wolondoloza chuma cha boma n'kumafunsa mlembi wamkulu wa unduna kuti ndalama za mankhwala zinalowera kuti. Ntchito imeneyi sioneka ku Nambuma, ndipo siibweretsa voti ngakhale imodzi.

Dera lino lili ndi munthu amene anayenda makwerero onse a ntchitoyi. Lazarus Chakwera anabadwa pa 5 April 1955 ndipo kwawo ndi ku Malembo, kwa Mfumu Yaikulu Khongoni. Anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira mu 1989 mpaka mu 2013, pamene anasiya guwa n'kupambana utsogoleri wa chipani cha Kongeresi m'mwezi wa August, kulowa m'malo mwa John Tembo. Mu 2014 anagonja pa mpando wa pulezidenti koma anapambana uphungu wa Lilongwe North West, ndipo anakhala mtsogoleri wa mbali yotsutsa boma m'Nyumba ya Malamulo. Udindo umenewu ndi wa mawu basi: kuyankha uthenga wa pulezidenti wotsegulira nyumbayi, kutsutsa kapena kuwongola bajeti, kusunga aphungu a mbali yako kuti asagulidwe. Mtsogoleri wotsutsa sagwira chikwama cha boma, ndipo anthu a ku Kasiya amene ankayembekezera kuti dzina lalikulu libweretsa zinthu zazikulu anayenera kudikira monga anzawo onse.

Zaka zimenezo zinali ndi nkhani ziwiri zoonetsa mphamvu ndi kufooka kwa ntchitoyi. Mu December 2017 boma linabweretsa mabilu okonzanso zisankho, kuphatikizapo yoti wopambana upulezidenti azipeza mavoti oposa theka. Mbali yotsutsa inkaifuna biluyo, koma manambala sanakwane ndipo inakanidwa. Patangopita miyezi yochepa kunaphulika nkhani ya K4 biliyoni imene boma linakonza zopereka ku madera 86 okha, ndipo ambiri anaiona ngati chithokozo kwa aphungu amene anavota mokomera boma. Mathero ake ndiwo ochititsa manyazi: mbali zonse zinagwirizana kuti ndalamazo zigawidwe ku madera onse 193, phokoso n'kuzizira. Chimene aphungu analephera chinadzachitika kukhoti pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019 n'kunena kuti wopambana ayenera kuposa theka la mavoti. Chakwera anapambana chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020, ndipo mu September chaka chomwecho anabwerera m'nyumba ija, ulendo uno kukayankha mafunso a aphungu monga pulezidenti, zimene malamulo amalola koma atsogoleri angapo ankazizemba. Pa 16 September 2025 mabwana ake aja, ovota, anamuchotsa ntchito. Wina angamuyamike, wina angamudzudzule, koma mbiri yakeyo ikuonetsa kuti ngakhale wokwera pamwamba penipeni salewa tsiku lowerengera.

Tsono amene amati za ku Nyumba ya Malamulo n'za anthu a m'tauni aone izi. Mu 2016 aphungu anavomereza lamulo la malo a makolo, limene linakhazikitsa makomiti oyang'anira malo: gulupu ndiye wapampando, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, mwa iwo atatu kapena kuposa akhale amayi. Mafumu ambiri anadandaula kuti alandidwa mphamvu, ndipo mu 2022 malamulo a malo anawakonzanso. Kwa Achewa a kwa Kalolo, kumene munda umayenda ndi mbumba ndipo mkamwini amalima kwa mkazi wake, funso loti dzina la ndani lilembedwe pa chikalata cha malo likhoza kugawanitsa banja. Mu February 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Mu 2019 kunabwera lamulo latsopano la fodya lokhudza ulimi wa mgwirizano ndi makampani, umene umatsogolera mlimi kuyambira pa nazale mpaka ku okushoni ku Kanengo, ndipo mu 2021 utenanti unathetsedwa mwalamulo. Munda, mwana wamkazi, belo la fodya: palibe china chofika pamtima pa munthu wa ku Nsaru kuposa izi. Koma ndi angati anafunsapo phungu wawo kuti pa mabilu amenewa anaima mbali iti?

Chisokonezo chimakula chifukwa phungu sagwira yekha m'dera. Pali khansala, amene lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 linamupatsa ntchito ya chitukuko kudzera ku khonsolo, makomiti a chitukuko a ADC ndi a VDC. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala kufikira 2014. M'zaka zopanda mwinizo thumba la chitukuko cha m'madera, CDF, linakhazikitsidwa mu 2006, ndipo aphungu anazolowera kukhala eni mijigo, midadada ya sukulu ndi timilatho tolembedwa maina awo. Khansala atabwerera anapeza mpando wake wakhalidwa. Lero ndi wantchito wonyozeka: amayenda pa njinga yamoto, alawansi yake ndi yochepa, koma maliro amamupezanso. Mu May 2025 khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti sikoyenera aphungu kuyendetsa ndalama za CDF, pakuti munthu sangagwiritse ntchito ndalama n'kudzilondola yekha. Ine ndikuona kuti oweruza ananena zoona, ngakhale ndikudziwa kuti phungu wopanda chooneka ndi maso amavutika pa kampeni.

Palinso mafumu, a Kabudula, a Kalolo, a Khongoni, a M'bwatalika ndi magulupu ndi anyakwawa awo, olandira mswahala, amene sasankhidwa ndi voti koma popanda iwo msonkhano suchitika ndipo njerwa siziumbidwa. Phungu wanzeru amayamba wagwada kwa gogo chalo asanaimike zokuzira mawu.

Za chilankhulo nazo zimapweteka. Kumpoto kwa dziko la Canada, ku Northwest Territories, aphungu ndi 19 okha, alibe zipani, amasankha okha mtsogoleri wa boma pakati pawo, ndipo zilankhulo zovomerezeka ndi 11, moti phungu amatha kulankhula cha makolo ake wina n'kumamasulira. Kwathu kuno munthu amapempha voti m'Chichewa chokoma, cha miyambi, n'kukaigwirira ntchito m'Chingerezi. Zotsatira zake ndi ziwiri: aphungu ena aluso pa bwalo la kumudzi amatha zaka zisanu ali duu poopa kusekedwa, ndipo mayi womvera wailesi ku Nambuma samva chimene wantchito wake akunena m'dzina lake.

Pochoka pa ntchitoyi palibe mwambo. Ndime 64 ya malamulo aakulu, imene inkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu eni ake anaifafaniza mu 1995, choncho wolemba ntchito amadikira zaka zisanu ndi mkwiyo wake. Tsikulo likafika ambiri sabwereranso, ndipo ena amatsala ndi ngongole za galimoto ndi za kampeni. Kuyambira mu 2025 mipando inakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229, kutanthauza kuti antchito achuluka ndipo malipiro awo atuluka m'misonkho yathu yomweyi.

Inu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, Olemekezeka akadzabwera kudzapereka chikho cha mpira, landirani ndithu ndipo ombani m'manja. Koma asanakwere galimoto mudzawafunse kuti ali mu komiti iti, analankhulapo chiyani pa bajeti ya ulimi, ndipo bilu yomaliza yokhudza malo anaivotera bwanji. Za mjigo mukafunse khansala.