Kumene Kulibe Ankhoswe

Kwathu banja likagwedezeka, ankhoswe amakhala pansi. Kuno ku America ankhoswe ali kutsidya kwa nyanja, ndipo mayi womenyedwa amakaima yekha pamaso pa woweruza amene mwina sadziwa kuti kukhala chete kwa mayiyo ndi mantha.

Lamulo la Violence Against Women Act, limene Pulezidenti Bill Clinton anasaina mu 1994, linatsegula thumba la ndalama za boma zolimbanirana ndi nkhanza za m'banja. Mu 2013 aphungu anaphatikiza magawo awiri a thandizoli kukhala Justice for Families: ndalama zophunzitsira oweruza, ndi zolipirira malo amene kholo lankhanza limaonerako ana pali woyang'anira.

Malo amenewa musawapeputse. Pantchito yanga ndaona kuti banja likatha, ola lopatsirana ana ndi limene amayi amaliopa koposa, pakuti ndi pamene munthu anamuthawa uja amayandikiranso.

Komabe ambiri a ife timaopa khoti chifukwa cha mapepala. Dziwani, abale, kuti lamulo lomweli limalola munthu wozunzidwa ndi mwamuna kapena mkazi wake, yemwe ndi nzika ya America kapena ali ndi green card, kudzipemphera yekha chilolezo chokhalira m'dziko muno, wozunzayo osauzidwa.