Tsiku limene chala changa chachikulu chinapeza ntchito

Kwa zaka 6 ndinkaimba gitala m'kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu, ndipo zaka zonsezo ndinkayenda ndi bodza limene ndinadzinamiza ndekha. Ndikaona papepala la nyimbo palembedwa D/F#, ndinkati wolembayo wandipatsa ufulu wosankha: ukafuna imba D, ukafuna imba F#. Kodi mafomu a kubanki sakhala choncho? Bambo/Mayi, iwe nkuchonga pamene pakukuyenera. Ine ndinkachonga D poti ndi yosavuta, basi nkumapita. Palibe anadandaulapo. Nyimbo zinkatha bwinobwino, kungoti zinkamveka ngati ndiwo zoiwala mchere: umadya ndithu, koma suitanitsa zina.

Chinandigwetsa ndi matama. Mnzathu wina wa m'kwaya ankakwatira, ndipo ine ndinali nditangophunzira kugoneka chala cha mkombaphala pa nsambo zonse 6 nthawi imodzi. Ndinati lero anthu andidziwe. Mkwatibwi akulowa pang'onopang'ono, nyimbo ili mu G, tinafika pa kamzere kopendekera kaja, ine nkusankha mbali inayo. Ndinakhwefula F# yathunthu ndi mphamvu zanga zonse.

Amene amadziwa nyimbo aseka kale. Mu chord ya D muli D, F# ndi A. Mu F# muli F#, A# ndi C#. Wa kiyibodi anali pa A, ine pa A#, mawu awiri oyandikana kwambiri moti akalira pamodzi amakhala ngati chitseko cha malata chikukhula pasimenti. Mayi wina amene anali pakati pa nthungululu anaidula. Ankhoswe a kuchimuna anacheuka nkundiyang'ana ngati ndaba mbuzi. Ndipo poti vesi inabwereza katatu, inenso ndinabwereza katatu, ndikuganiza kuti wasokoneza ndi wa kiyibodi.

Anthu akupita kumadyerero, bambo wina wachikulire amene amaimba besi m'kwaya ya akuluakulu, mphunzitsi wopuma ntchito, anandikodola pansi pa mtengo wa mango.

"Mwanawe, tabwera nayo gitalayo. Paja unaimba chiyani?"

"F#, bambo. Papepala analemba kuti tisankhe."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Atapukuta misozi anati, "Kamzereko si ka masankho ayi. Chakumanzere ndi chimene kwaya yonse ikuimba. Chakumanja ndi chimene ife a besi tikuimba pansi. Tatiye, imba nane: do, ti, la."

Ndinaimba. Kenaka anagwira dzanja langa nkuika chala pa nsambo yaikulu yakumtunda ija, ya nambala 6, pa fret yachitatu. G, ndiye do. Anachitsitsa pa fret yachiwiri. F#, ndiye ti. Anachichotsa, nsambo nkulira yokha. E, ndiye la. Masitepe atatu otsatizana, 3, 2, 0. Chinthu chimene a besi akhala akuimba kumbuyo kwanga Lamulungu lililonse kuyambira ndili ku Sande sukulu chinali pansi pa mphuno yanga, pa nsambo imene ndikamaimba D ndinkailambalala ngati ili ndi minga.

Ndiye nkhani yake yonse ndi imeneyi. D/F# ndi D yemweyo, mawu ake atatu omwewo, kungoti amene amakhala pansi penipeni ndi F# m'malo mwa D. Ukachoka pa G kupita pa Em kudzera pa D wamba, besi imalumpha uku ndi uku. Ukadzera pa D/F#, imatsika mwaulemu ngati munthu wotsika makwerero atasenza ndowa yodzaza.

Kumvetsa kunanditengera mphindi zisanu. Zala ndiye zinakana. Pa D zala zitatu zimakhala zili kale pantchito: cha mkombaphala pa fret yachiwiri ya nsambo yachitatu, chapakati pa fret yachiwiri ya nsambo yoyamba, chotsatira pa fret yachitatu ya nsambo yachiwiri. Nanga F# uja agwire ndani? Bambo aja anandionetsa chala chachikulu, chija chimangobisala kuseri kwa khosi la gitala ngati mlamu waulesi pa nthawi yolima. Chimayenera kukwera pamwamba, kupindika, nkukanikiza nsambo yaikuluyo ndi mnofu wa pafupi ndi mfundo yake.

Sabata yoyamba ndinkangomva phokoso la njuchi. Ndikakanikiza bwino pamwamba, nsambo yoyamba pansi inkafa chifukwa chikhatho chinkaigunda. Ndikakonza pansi, pamwamba pankalira mokhosomola. Gitala yanga ndi ya pakaunjika, nsambo zake zinatalikirana ndi khosi moti mutha kulowetsapo bokosi la machesi, ndipo pachala panatuluka thuza. Mlongo wanga, amene ankawerengera mayeso chipinda chinacho, anandiuza kuti ndikapitiriza adzaisandutsa nkhuni. Chimene chinandipulumutsa ndi kanthu kakang'ono: kusendeza chala chachikulucho kufupi kwambiri ndi kachitsulo ka fret, ndi kutsitsa chigongono kuti dzanja lisamakangamire khosi ngati ndikupha nkhuku. Mphamvu zinachepa, mawu nkuyera.

Ndinamva pambuyo pake kuti aphunzitsi a gitala ya classical salola zimenezi. Kwa iwo chala chachikulu malo ake ndi kuseri basi. Ali ndi zifukwa zawo, poti khosi la gitala zawo ndi lotambalala. Koma Jimi Hendrix ankachikweza pamwamba tsiku ndi tsiku, ndipo sindinamvepo wina akumubweza pakhomo. Kwa amene zala zawo ndi zazifupi ilipo njira ina: cha mkombaphala chipite pa F# ya nsambo ya nambala 6, chapakati pa fret yachiwiri ya nsambo yachitatu, chotsatira pa fret yachitatu ya nsambo yachiwiri, yoyambayo nkuisiya osaikhudza. Imamveka bwino ndithu. Ine ndinakakamira chala chachikulu chifukwa cha liuma chabe.

Usiku wina wa sabata yachitatu, magetsi atazima, ndinaimba G, D/F#, Em, ndipo zonse zinatuluka zoyera. Ndinabwereza. Zoyera. Ndinakuwa ngati timu yanga yagoletsa, mlongo wanga nkubwera ndi kandulo kudzaona ngati mwalowa njoka.

Kuyambira pamenepo makutu anga anatseguka moti ndinasanduka munthu wovuta kukhala naye. Mu minibasi, wailesi ikangoyamba "No Woman, No Cry" ya Bob Marley, ndinkagwedeza mnzanga paphewa: tamva, C, G/B, Am, do ti la yemwe uja, kungoti mu C! Nyimbo imene ndinaiimba zaka zonsezi pamaphwando ndi G wamba, osadziwa kuti kukoma kwake kwagona pa B ameneyo, pa fret yachiwiri ya nsambo yachisanu. "Tears in Heaven" ya Eric Clapton, ya mu 1992, nayonso imatsika chimodzimodzi: A, E/G#, F#m. Ndinapezanso C/G, imene umangowonjezera G pansi pa C, gitala ya pakaunjika nkumveka ngati yanenepa. Mapepala akale a kwaya ndinawafukula onse m'katoni, ndipo timizere timene ndinkatidumpha tinali mbwee, ngati ndalama zoiwalika m'matumba a jekete.

Lamulungu loyamba kuimba D/F# pagulu, mpingo sunazindikire kanthu, ndipo sindikuudandaula. Koma titafika pa ti, ndinaponya maso kumabenchi a akuluakulu. Bambo aja anali atatsinzina, mutu ukutsika limodzi ndi besi yanga, katatu. Atatsegula maso anakweza chala chachikulu m'mwamba, kenaka nkuchipinda pang'ono ngati chikugwira nsambo. Ndinatsala pang'ono kuphonya Em chifukwa cha kuseka.

Mwezi wamawa kuli ukwati wina, ndipo ankhoswe a kuchimuna ndi omwe aja anandiyang'ana ngati wakuba mbuzi. Kwaya yathu yaitanidwa, nyimbo yolowera ndi yomwe ija, ndipo pagitala ndikhalapo ndine.