Malamulo Atatu a Wogula Masheya

Sheya ndi kagawo ka kampani. Masheya ali ndi misika yace, monga wa ku Lusaka umene unatsegulidwa mu 1994. Kumeneko munthu sagula yekha, koma atuma mkhalapakati wochedwa broker, ndipo mau amene mumpatsa ndiwo asunga kapena kutaya ndarama zanu.

Lamulo loyamba lichedwa market order. Muuza broker kuti, "Gulani tsopano lino pa mtengo umene ulipo." Masheya muwapeza msanga, koma mtengo simuudziwiratu. Tinene kuti munaona K10, ndipo mufuna masheya 200. Wogulitsa pa mtengowo akakhala nao 50 okha, otsalawo adzacokera kwa ena a K11 kapena K12.

Laciwiri ndilo limit order. Apa muika malire, wogula nati, "Musapitirire K10," wogulitsa nati, "Musatsike pansi pa K10." Mtengo tsopano uli m'manja mwanu, koma pakasowa wovomera malirewo, simudzagula kanthu. Lamuloli likhoza kukhala la tsiku limodzi, kapena kukhalabe kufikira mutalicotsa.

Lacitatu, stop order, liri ngati msampha wochera. Munagula pa K10, ndipo muopa kutaya zambiri, tsono munena kuti, "Mtengo ukatsika kufika K8, gulitsani." Mvetsetsani apa, abale. Msampha ukafwamphuka, lamuloli lisanduka market order, ndipo masheya apita pa mtengo uli wonse umene upezeka, ngakhale K5. Pa 6 May 2010 mitengo inagwa mwadzidzidzi ku America. Masheya a Accenture, amene anali pafupi madola 40, anagulitsidwa pa senti imodzi, ndipo patapita mphindi zowerengeka mtengo unabwerera.

Cifukwa cace ena aphatikiza malamulo awiri, ndiyo stop-limit: "Ukafika K8 gulitsani, koma osati pansi pa K7." Koma mtengo ukalumpha K7, masheya atsala nanu ali kugwabe.

Cotero wofuna msanga ataya mphamvu pa mtengo, ndipo woumirira mtengo ayenera kudikira. Musanapereke ndarama za thukuta lanu, funsani broker malamulo amene alandira ndi malipiro ace, pakuti safunsa anadya phula.