Adamwa khofi ndi mkono wa loboti

Kwa zaka pafupifupi 15, Cathy Hutchinson wa ku America sadathe kudzimwetsa ngakhale madzi. Sitiroko idamugwira mu 1996 nkumupha manja ndi miyendo, kuyankhula nkulekera pomwepo.

Koma mu Epulo 2011, mayiyu ali ndi zaka 58, adatenga botolo la khofi patebulo, kulifikitsa pakamwa nkumwa yekha. Mkono womwe udanyamula botololo udali wa loboti, ndipo amauyendetsa ndi maganizo basi.

Kuseri kwa chodabwitsachi kuli ubale wa magulu awiri a akatswiri: ofufuza za ubongo ndi opanga maloboti. Paja mutu umodzi susenza denga.

M'zaka za m'ma 1980, katswiri wina, Apostolos Georgopoulos, adapeza poyesa anyani kuti timaselo ta mu ubongo timatulutsa timphamvu ta magetsi mosiyanasiyana malinga ndi komwe mkono ukulowera. Izi zidasonyeza kuti munthu atamvetsera timaseloti, akhoza kudziwa komwe mwini ubongo akufuna kuloza dzanja.

Ndi nzeru imeneyi yomwe gulu la BrainGate, lomwe adayambitsa John Donoghue wa pa yunivesite ya Brown, lidagwiritsa ntchito. Mu 2005 madokotala adaika mu ubongo wa Hutchinson kachipangizo kochepera chikhadabo, kokhala ndi timasingano 96 togwira uthenga. Iye akaganiza zosuntha mkono, uthengawo umapita ku kompyuta, kompyutayo nkulamula loboti.

Komatu dzanja losamva kukhudza limavuta. Aliyense amene adayesapo kumanga batani dzanja litachita dzanzi akudziwa.

Ichi nchifukwa chake akatswiri a pa yunivesite ya Pittsburgh adatsegula njira yobwerera. Nathan Copeland, yemwe adafa ziwalo pangozi ya galimoto mu 2004, adamuika zipangizo m'chigawo cha ubongo chomvera kukhudza. Zala za loboti zikagunda chinthu, iye amamva ngati zakhudzidwa ndi zala zake. Mu 2016 adapatsana moni ndi Barack Obama pogwiritsa ntchito mkono womwewo, ndipo zotsatira zomwe zidatuluka mu 2021 zidaonetsa kuti nthawi yonyamulira zinthu idatsika kuchoka pa masekondi pafupifupi 20 kufika pa 10.

Nawo maloboti akuphunzitsa anthu za thupi. Mu 2007, Auke Ijspeert wa ku Lausanne m'dziko la Switzerland adapanga loboti yofanana ndi salamander, kanyama kooneka ngati buluzi komwe kamayenda pamtunda komanso kusambira. Adaiika dongosolo lotengera mitsempha ya mumsana wa kanyamako. Akaipatsa mphamvu yochepa imayenda, akaonjezera imayamba kusambira.

Lobotiyo idatsimikizira ganizo loti si chilichonse chomwe ubongo umachita wokha. Umangolamula, koma kayendedwe kenikeni kamalukidwa mumsana. Wozinga nkhuku amaona zimenezi ikamaphiriphitha mutu utachoka kale.

Ngakhale zili choncho, mikono yotereyi idakali pa kafukufuku. Pamafunika opaleshoni ya m'mutu, akatswiri ambiri ndi ndalama zankhaninkhani, moti padziko lonse ndi anthu ochepa okha omwe adayesapo.

Phunziro lalikulu lili pa zomwe ofufuza adapeza mwa Hutchinson. Sitiroko idadula njira ya uthenga pakati pa mutu ndi thupi, koma patatha zaka zonsezo chigawo cha ubongo choyendetsa mkono chidali chikugwirabe ntchito.

Kwa mabanja omwe akusamalira wodwala wakufa ziwalo, izi nzofunika kuzikumbukira. Kulephera kusuntha kapena kuyankha sikutanthauza nthawi zonse kuti munthu sakumva kapena kuganiza. Mulonjereni, mufunseni zomwe akufuna, ndipo musamukambe ngati palibe.