Bokosi Limene Limamva Mota Ili Pansi pa Chitsime

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo alimi ambiri kuno ku Shimabala anathamangira mapampu a sola. Kuyambira pamenepo ophunzira akhala akundifunsa funso limodzi: mota ili m'madzi, mamita 50 pansi pa nthaka, yopanda kachipangizo kowerengera kuzungulira kwake, nanga bokosi la pakhoma limadziwa bwanji liwiro lake?

Mwini chigayo sasuzumira m'kati kuti adziwe kuti chimanga chachuluka. Amangomva kulira kwa makina. Kontrola nayo imamvetsera, koma kudzera m'mawaya atatu omwewo amene amadyetsa mota. Mapampu ambiri a sola ali ndi maginito m'kati, ndipo maginito akamazungulira amabala mphamvu yawoyawo ya magetsi imene imabwerera m'mawaya, yotchedwa back-EMF. Liwiro likakwera, mphamvuyo imakweranso. Kontrola imaiyeza, n'kudziwa pamene maginito afika ndi nthawi yoyenera kukankhanso.

Mota itaima, mphamvuyo kulibe. N'chifukwa chake m'mamawa kontrola imayamba mofufuza ngati munthu woyenda mumdima, ndipo dzuwa likakhala lofooka imayesa, n'kuleka, n'kuyesanso. Musathamange kukatenga sipanala, pampuyo sinafe.

Khutu lomwelo limateteza pampu madzi akatsika mu Okutobala. Pampu yopukusa mpweya sikoka magetsi ambiri, ndipo kontrola ikaona katundu wapepuka mwadzidzidzi imazimitsa mota isanapse.

Komatu bokosili limakhulupirira zimene lauzidwa. Pa munda wanga ndinaika mota ya magawo atatu pa inveta, ndipo itatha ndinagula ina yocheperapo. Amene anandilumikizira sanasinthe manambala a m'bokosi, ineyo sindinafunse, ngakhale kuti ndimaphunzitsa zimenezi. Inveta inapitiriza kulola ma amp oyenera mota yakale ija. Mchenga utalemetsa pampu, inaona ngati zonse zili bwino, mota n'kupsa matimati ali pa maluwa. Tinathirira ndi makeni mpaka manja anatupa, ndipo mizere yakumtunda inauma ndithu.

Musanatsitse pampu m'chitsime, lembani m'kope zonse za pa kachitsulo ka pa mota: ma volt, ma amp, ma hertz ndi liwiro lake. Imani pambali pa wolumikiza pamene akuzilowetsa. Ndipo musaumire ndalama pa waya: wowonda ndi wautali amadya mphamvu m'njira, kontrola n'kumamva zabodza.