N'chifukwa chiyani thambo limaoneka ndi mizere pa vidiyo?

Ambiri a ife tinazionapo. Wina wajambula vidiyo ya ukwati dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a Dowa kapena Ntchisi, koma tikailowetsa pa TV ya kunyumba, thambo limaoneka ngati munda wolimidwa mizere: apa pofiira, apo pachikasu, malire ake oonekeratu. Makolo ena amathamangira nayo TV kwa wokonza n'kutaya ndalama, chonsecho siinawonongeke. Akatswiri amatchula vutoli kuti colour banding.

Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse kamasakaniza mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Mavidiyo ambiri ndi a 8-bit, kutanthauza kuti mtundu uliwonse uli ndi masitepe 256 okha kuchokera pa mdima kufika powala. Thambo lenileni limasintha pang'onopang'ono, lilibe masitepe. Choncho sitepe imodzi ikatenga dera lalikulu, diso limaona pamene yathera ndi pamene ina yayambira. WhatsApp imawonjezera vutoli chifukwa imapanikiza vidiyo kuti isadye bandulo yambiri, ndipo potero imataya kusiyana kochepa kwa mitundu.

Mankhwala ake amatchedwa dithering. Tikaika chimanga mbali imodzi ya lichero ndi nyemba mbali inayo, malire amaoneka. Tikazisakaniza pakatipo n'kuimirira patali, timangoona mtundu umodzi ukulowa mu unzake. Makina nawonso amasakaniza timadontho ta masitepe awiri oyandikana kuti diso lisaone malire. Njira yotchuka yochitira zimenezi inafalitsidwa mu 1976 ndi Robert Floyd ndi Louis Steinberg. Mavidiyo a 10-bit ali ndi masitepe 1,024, choncho mizere siionekera msanga.

Tisanapite kwa wokonza, tiyambe tatsegula vidiyo yomweyo pa foni kapena pa kompyuta. Ngati mizere ikuonekanso pamalo omwewo, vuto lili mu vidiyo, ndipo kukonzetsa TV sikungathandize. Vidiyo yofunika tiziikopera pa flash kapena pa memory card kuchokera kwa amene anajambula, kapena tiziitumiza pa WhatsApp ngati Document kuti isapanikizidwe. Tisakwezenso kwambiri contrast pa TV, chifukwa imakulitsa malirewo.

Ophunzira athu, mukapita kunyumba pa holide mukawafotokozere makolo zimenezi. Ndalama yomwe ikanapita kwa wokonza ingathandize pa fizi.