Kodi mumadziwa? Khasu, njinga ndi chitelele nazonso zimateteza mtima

Kodi mumadziwa kuti umboni wina woyambirira wakuti kukhala pansi tsiku lonse kumawononga mtima unachokera m'basi? Mu 1953 dokotala Jeremy Morris anafalitsa zimene anapeza pakati pa ogwira ntchito m'mabasi osanjikizana a mu London. Madalaivala, amene ankaswera pachiwongolero, ankadwala mtima kwambiri kuposa makondakitala amene ankakwera ndi kutsika masitepe podulitsa matikiti. Inu oyendetsa mathiraki a pamsewu wa Chanida, nkhaniyi ndi yanu.

Kodi mumadziwa kuti khanda nalo lili ndi masewero ake? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2019 kuti mwana amene sanayambe kukwawa azigonekedwa chafufumimba ali maso, kwa mphindi 30 patsiku, pang'onopang'ono, kuti khosi ndi msana zilimbe. Linanenanso kuti mwana asamakhale woberekedwa kumbuyo kupitirira ola limodzi osatsitsidwa. Mayi amene akupalira kumunda anganene kuti zimenezo n'za m'mabuku, ndipo sitingamutsutse kwenikweni. Komabe mukakhala pamthunzi kuti mumwe thobwa, masulani mwana, yalani chitenje, aponyeponye timiyendo.

Nanga ana asukulu? Kuyambira zaka 5 mpaka 17 amafunika ola lathunthu tsiku lililonse lothamanga, kulumpha ndi kutuluka thukuta, chifukwa mafupa amakhwima pa msinkhu umenewu ndipo munthu amadzayenda nawo mpaka ukalamba. Mpira wachikulunga pabwalo la sukulu ukukwanira, chingwe cholumpha chikukwaniranso. Koma kafukufuku amene WHO inatulutsa mu 2019 anapeza kuti mwa achinyamata 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 padziko lapansi, 81 safika pa mlingowo, ndipo atsikana ndiwo amatsalira kwambiri: 85 mwa 100, pamene anyamata ndi 78. Kwathu kuno chifukwa chake china timachimva pakhomo. Mtsikana akangotha msinkhu amauzidwa kuti, "Wakula tsopano, usamathamange ngati mwana." Wosewera mpira Barbra Banda akanamvera mawu otere, sakanagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021.

Kodi mumadziwa kuti munthu wamkulu amafunika mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu? Mphindi 30 kwa masiku asanu, basi mwafika poyambira. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati mukuyenda mwandawala moti mukutha kulankhula koma simungathe kuyimba nyimbo, ndiye kuti mtima ukugwira ntchito yofunikayo.

Apa wina wa kwa Mbang'ombe kapena kwa Kawaza aseka. "Ine ndimalima mizere kuyambira m'bandakucha, ndimapalasa njinga ya makala mpaka pa boma, ndiye mundiuzenso zothamanga?" Zoona, bambo, inu mwadutsa kale mlingowo. Vuto ndi lakuti khasu lili ndi nyengo yake. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, thonje ndi soya zikagulitsidwa, ambiri amatha miyezi ali pa nsolo kapena pa chibuku, ndipo mphamvu imene thupi linapeza m'dzinja imayamba kutha pakangopita milungu yochepa. Palinso gulu limene likukula mofulumira ku Katete, ku Sinda ngakhale ku Vubwi: okhala m'mashopu, m'maofesi ndi m'timabuthi totumizira ndalama pafoni, amene ulendo wa kumsika womwe amakwera njinga yamoto. Awa ndiwo ndikuwadera nkhawa, osati mlimi.

Kodi mumadziwa kuti kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Zambia mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse ali ndi BP yokwera? Matendawa sapweteka, ndiye ambiri amadziwa mochedwa, dzanja ndi mwendo zitafa kale ndi sitiroko. Kuyenda mwandawala tsiku ndi tsiku kumatsitsa BP. Shuga nayenso amaopa thukuta: ku America, kafukufuku amene anatuluka mu 2002 anasonyeza kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga, atayamba kuyenda mphindi 150 pa mlungu, kusintha kadyedwe ndi kuchepetsako thupi, anachepetsa chiopsezocho ndi 58 peresenti.

Amayi oyembekezera nawo mlingo wawo ndi mphindi 150, ngati kusikelo sanawaletse. Zimathandiza kupewa BP ndi shuga wa pamimba. Koma tikunena kuyenda, osati kusenza mtolo wa nkhuni mimba ili ya miyezi isanu ndi itatu.

Kodi mumadziwa kuti ulemu wathu nthawi zina umafooketsa okalamba? Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo akadutsa 60 imatha mofulumira, makamaka ngati saigwiritsa ntchito. Ife tikaona ambuya atola tsache timathamanga: "Khalani pansi ambuya, tisesa ndife." Chaka chikatha, ambuya aja sakuthanso kudzuka pamphasa popanda wowagwira dzanja. WHO imati a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa miyendo ndi zothandiza kuima osadzandira masiku atatu pa mlungu, popeza kugwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno kumagoneka munthu wokalamba kwa miyezi, ena osadzukanso. Sizifuna ndalama. Akhale pampando, adzuke osagwira maondo, akhalenso, kangapo. Agwire mzati wa pakhonde, anyamule mwendo umodzi, awerenge mpaka khumi, asinthe. Ndipo ng'oma ikalira, asiyeni alowe m'bwalo. Amayi achikulire amene amavina chitelele ndi chimtali pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti amachita zonse zimene madokotala amapempha, kuwonjezapo kuseka ndi anzawo.

Ngati mwakhala zaka osachita kanthu, yambani ndi mphindi khumi, muziwonjezera mlungu ndi mlungu. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosazolowereka, imani pomwepo. Ndipo inu amene mwadutsa zaka 40, pitani kaye mukayezetse BP ndi shuga kuchipatala cha St Francis', cha Nyanje kapena kuchipatala chaching'ono cha kwanuko.